Mutu 6: Chilembo Chimene Chiyamiko Anawonjezera pa Ukwati

1. Foni ya ku Indianapolis

Chiyamiko anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi chaka chimene atate ake anakwatira kachiwiri.

Iye ankakhala ndi amayi ake, a Joan, m'kanyumba ka zipinda ziwiri mumzinda wa South Bend, ku Amereka. Banja lawo linachoka ku Zomba iye ali mu sitandade 5. A Joan anali nesi pa chipatala china mumzindamo. Atate ake, a Lucious, anasamukira ku Indianapolis ukwati wawo ndi a Joan utatha, ndipo kumeneko anapeza mkazi wina, a Chrissie.

A Chrissie sanali munthu woipa, ndipo chimenechi ndicho chinkamupweteka kwambiri Chiyamiko. Akapita kukacheza pa holide, ankamuyalira chipinda, kumuluka tsitsi ndi kumufunsa za kusukulu. Chiyamiko ankayankha mawu amodziamodzi, maso ali pa foni. Akabwerera ku South Bend n'kupeza amayi ake atagona pampando ndi yunifolomu, nsapato zili kuphazi, ankapsa mtima.

Lamulungu lina masana a Lucious anaimba foni.

"Chiya, ukwati uli mu Juni, ku holo ina ku Lawrence kuno. Iwe ndiwe mwana wanga mmodzi yekha. Ndikufuna udzayankhule."

"Ndidzayankhule chiyani, Adadi?"

"Mawu ochepa chabe. Udzatifunire mafuno abwino. Udzayankhule m'Chingerezi poti kudzabwera anzathu a kuntchito. Paja iwe Chingerezi ndi chako. Anti ako a Chrissie akugulira kale diresi."

Chiyamiko anayang'ana amayi ake amene ankasita zovala chapafupi. Iwo anali atamva zonse.

"Vomera," anatero a Joan osadzutsa mutu. "Ndi atate ako."

Chiyamiko anavomera. Foni itaduka, anafunsa: "Amayi, inu sizikukupwetekani?"

"Tenga mahang'ala awo undipatse," anayankha a Joan.

2. Phunziro la Lachinayi

Atangofika kumene ku Amereka, Chiyamiko ankavutika ndi timawu tiwiri ta Chingerezi, *a* ndi *an*. M'Chichewa mulibe timawu totere. Ife timangoti galu, munthu, nyumba, basi nkhani yatha. Anzake ankamuseka akatiiwala, ndiye iye analimbikira mpaka anayamba kuwaposa eni chiyankhulo. Tsopano anali mmodzi wa ana okhoza bwino m'kalasi.

Lachinayi lina, sukulu ili pafupi kutsekera, aphunzitsi a Chingerezi anabwereza phunziroli. Anali mayi wachikulire wa imvi, wosakonda phokoso. Analemba mizere iwiri pa bolodi:

*an honest, humble, patient man*

*a humble, honest, patient man*

"Onani," anatero. "Munthu ndi yemweyo: woona mtima, wodzichepetsa, woleza mtima. Mawu omufotokoza ndi omwewo. Koma pamwamba ndalemba *an*, pansi ndalemba *a*. Chifukwa chiyani?"

Chiyamiko anakweza dzanja. Ananena kuti kamawuko kamamvera liwu limene lili pafupi nako, osati dzina limene lili kumapeto. Ananenanso kuti chofunika ndi kamvekedwe, osati chilembo. Mu *honest*, *h* samveka, ndiye pamafunika *an*. Mu *humble* amamveka, ndiye pamafunika *a*.

"Wakhoza," anatero aphunzitsi. "Chachiwiri ndi ichi: ngakhale mawu ofotokoza achuluke bwanji, ngati chinthu chili chimodzi, kamawuka mumakalemba kamodzi kokha, koyambirira. Kamodziko kamanyamula onse. Tsopano taonani izi."

Analembanso mizere ina iwiri:

*a black and white dog*

*a black and a white dog*

"Pamwambapa pali galu mmodzi wa mawangamawanga, akuda ndi oyera. Pansipa pali agalu awiri, wina wakuda, wina woyera. Ndangowonjezera chilembo chimodzi, galu wasanduka agalu."

Ana anaseka. Aphunzitsi anadikira kuti atonthole.

"Alipo anthu amene amabwereza kamawuka pofuna kungotsindika, makamaka poyankhula pagulu. Si kulakwa. Koma samalani. Womvera akhoza kuganiza kuti mukunena anthu awiri pamene inu mukunena mmodzi."

Belu litalira, anzake anathamangira ku mabasi. Chiyamiko anatsalira pampando. Anatsegula foni pamene anali atalemba mawu ake a ku ukwati. Chiganizo chomaliza chinkati: *My father has found a faithful and beautiful wife*, kutanthauza kuti atate ake apeza mkazi wokhulupirika ndi wokongola.

Anachiyang'ana kwa kanthawi. Kenako anaika chala pakati pa chiganizocho n'kuwonjezera chilembo chimodzi: *a faithful and a beautiful wife*.

Tsopano akazi anali awiri. Wina wokhulupirika, wina wokongola.

Chakale chija sanachifufute. Anasunga zonse ziwiri.

3. Chenjezo la azakhali pamsewu

Loweruka la ukwati, Chiyamiko ananyamuka m'mawa ndi azakhali ake, a Upile. Iwo anali mlongo wawo wa a Lucious, ndipo ankakhala ku South Bend komweko. Ngakhale ukwati wa mchimwene wawo unatha, iwo ndi a Joan ankaitananabe kuti alamu ndipo ankayenderana.

A Joan anawaperekeza mpaka pa galimoto. Anamukonza Chiyamiko kolala ya diresi lija, la mtundu wa golide, n'kunena kuti, "Lakukhala bwino. Ukapereke moni kwa aliyense."

Msewu wa ku Indianapolis ndi wowongoka, wodutsa pakati pa minda ya chimanga yosaoneka malire. Atadutsa tawuni ya Kokomo, a Upile anatsitsa wailesi.

"Tandiwerengera sipichi yakoyo ndimve."

Chiyamiko anawerenga yakale ija, ya chilembo chimodzi. Anawerenga bwino, mosadodoma.

"Mawu ndi abwino," anatero a Upile. "Koma nkhope yako sikugwirizana nawo. Chichokere kunyumba sunaseke, sunadye, ukungoluma mlomo. Ukubisa chiyani?"

"Palibe, Azakhali."

A Upile anabwezera maso pamsewu. Kenako anayamba kuyankhula pang'onopang'ono.

"Mwana wa achimwene anga, tamvera. Ine ndi atate ako tinayamwa bere limodzi, koma sindiwaikira kumbuyo. Pamene ndinaona kuti alakwa ndinawauza pamaso, mpaka tinakhala nthawi yaitali osayankhulana. Ndiye usaganize kuti ululu uli ndi iwe wekha.

"Koma lero si tsiku la milandu. Milandu inakambidwa kale. Ankhoswe anakhalapo, abusa anakhalapo, kukhoti anasayina. Iwe sunalipo chifukwa unali mwana. Za m'banja la anthu awiri, ngakhale ine amene ndinali pafupi sindizidziwa zonse. Iwe unaona amayi ako akulira, n'zoona. Koma amene waona misozi sanaone nkhani yonse.

"Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukamuponya mwala umaswa mkhate, madzi n'kutayika, khoswe n'kuthawa. Mu holo muja, aliyense amene ungafune kumugenda wakhala pa mkhate wa munthu wina. Ganiza bwino kuti mkhatewo ndi wa yani.

"Chinanso, ife Amalawi a kuno ndife ochepa. Wa ku Lawrence, wa ku Speedway, wa ku South Bend, tonse tili pa gulupu imodzi ya pa foni. Timakumana pa maliro, pa maukwati, ku tchalitchi. Ukanena mawu Loweruka masana, Lamulungu m'mawa afika kale ku Zomba. Zolemba pa foni umadilita. Zotuluka pakamwa sizidilitika, mwanawe.

"Ndiye ngati ukuona kuti mtima sukulola, ndiuze pompano. Ndikawauza achimwene kuti mwana wadwala pakhosi. Palibe adzakukakamize. Kukhala chete si mantha. Koma ukagwira maikolofoni, unene zimene wandiwerengerazi, ukhale pansi. Wamva?"

"Ndamva, Azakhali."

"Ukayankhula?"

"Ndikayankhula."

A Upile anamuyang'ana kamodzi, n'kukwezanso wailesi.

4. Mu holo

Mwambo wa kutchalitchi unayenda bwino. Masana anthu anasonkhana mu holo ku Lawrence. Munali matebulo ozungulira oyalidwa nsalu zoyera. Amayi ambiri anavala chitenje cha mtundu umodzi. Azungu a kuntchito kwa a Lucious ndi a Chrissie anakhala matebulo awo chakumanzere, akuyesera kuvina mapewa nyimbo za kumudzi zikamalira.

Kutsogolo, pafupi ndi akwati, kunakhala mayi wokalamba wovala duku. Anali amayi awo a a Chrissie. Anachokera ku Dedza kudzaona ukwati wa mwana wawo, ndipo kanali koyamba kukwera ndege. Chingerezi sankachimva.

A Chrissie atamuona Chiyamiko anadzuka, diresi la ukwati likukokeka pansi, n'kumugwira dzanja.

"Amayi, uyu ndiye Chiyamiko ndimakuuzani uja. Mwana wathu wanzeru."

Gogoyo anamugwira manja onse awiri. "Ee, wakula bwino. Ndakubweretsera chitenje, mdzukulu wanga. Ndikupatsa tikatha."

Chiyamiko anagwada pang'ono n'kuthokoza. Kenako anabwerera pa malo ake.

Woyendetsa mwambo anali a Mervin, bambo wa nthabwala amene ankaitanidwa pa maukwati ambiri a Amalawi a m'derali. Keke itadulidwa, anaitana:

"Tsopano timve kwa mwana wa eni ake! Mtsikana wa Chingerezi cha m'mphuno, wochokera ku South Bend! M'manja, m'manja!"

Chiyamiko anapita kutsogolo. Anthu ambiri anakweza mafoni kuti ajambule. A Lucious ankamwetulira monyada. A Upile anapinda manja pachifuwa.

Anayamba bwino. Anathokoza alendo. Ananena za mmene atate ake anamuphunzitsira kupalasa njinga ku Zomba, ndi mmene anamugulira jekete loyamba la chisanu atangofika kuno. Anthu anaseka pamene panayenera kuseka. A Lucious anapukuta m'maso.

Atafika pa chiganizo chomaliza, anatsitsa foni. Anayang'ana a Chrissie, nanena momveka, akutsindika ka chilembo kaja:

"*My father has found a faithful, and a beautiful wife.*"

Anthu anawomba m'manja. Amayi ena analulutira. Ambiri sanamve chachilendo chilichonse. Koma pa tebulo lina mayi wina anatsinzinira mnzake, ndipo a Chrissie anasiya kumwetulira.

A Mervin anali munthu wochenjera. Anaona nkhope ya mkwatibwi ndipo anathamangira kukonza zinthu.

"Eee, mwamva Chingerezi! Mwanayu watsindika! Akuti mkazi mmodzi yemweyu, wokhulupirika komanso wokongola. *A faithful and beautiful wife!* Si choncho, Chiya?"

Anatambasula dzanja kuti alandire maikolofoni. Chiyamiko akanangoti "eya", nkhani ikanathera pomwepo. A Upile anamugwedezera mutu ali pampando, maso ali tong'o.

Chiyamiko sanapereke maikolofoni. Anayankha m'Chichewa.

"Ayi, a Mervin, sindinatsindike. Ndanena *a* kawiri chifukwa akazi alipo awiri. Wokongola ndi amene mukumuonayu. Wokhulupirika ali ku South Bend."

Mu holo munangoti zii. Azungu aja, amene sanamve Chichewa, anayambanso kuwomba m'manja, koma ataona kuti ali okha anasiya mmodzimmodzi.

Gogo wa duku uja anamva liwu lililonse. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mkamwini wawo, kenako anagwetsa nkhope pansi n'kuphimba kumaso ndi nsonga ya chitenje.

A Chrissie sanalire pagulu. Anadzuka, anakweza diresi lawo pang'ono kuti lisawakole, n'kutuluka pa khomo la kumbali. Amayi awiri anawatsatira. A Mervin anakodola woimbitsa nyimbo, ndipo nyimbo inayamba mokweza, koma palibe amene anadzuka kukavina.

5. Pa malo oimika magalimoto

A Upile anamugwira Chiyamiko pamkono n'kutuluka naye panja. Dzuwa linali likuswa mtengo. Asanafike pa galimoto, a Lucious anawapeza. Duwa la pa jekete lawo linali litapendekeka.

Chiyamiko anakonzeka kukalipiridwa. Anali ndi mayankho ambiri amene anawasunga kwa nthawi yaitali. Koma a Lucious sanakweze mawu.

"Chiya, ukanandiuza ine. Ukanabwera kunyumba, n'kunditukwana ine pandekha, ndikanamva. Chrissie wakulakwira chiyani? Nanga mayi wokalamba uja?"

"Nanga Amayi anakulakwirani chiyani?"

A Lucious anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Achemwali, mupite naye. Muyende bwino."

Anabwerera mu holo akuyenda ngati munthu wodwala msana.

Ulendo wobwerera unali wautali. A Upile sanatsegule wailesi. Foni yawo inkalira mosalekeza m'chikwama, koma sanaiyankhe. Atayenda mtunda ndithu, Chiyamiko anati:

"Azakhali, ndanama? Zimene ndanena si zoona?"

"Unandiwerengera zina, wakanena zina," anayankha a Upile. "Ine ndiye wandinamiza. Zotsalazo ukafunse amayi ako."

Atafika ku South Bend, a Upile anamutsitsa pa geti, osalowa m'nyumba monga ankachitira masiku onse.

6. Mawu a amayi

Dzuwa linali lisanalowe. Chiyamiko anapeza amayi ake atakhala pa tebulo la kukhitchini. Foni yawo inali patsogolo pawo, itayang'ana pansi. Iye anaima pakhomo, akudikira. Mumtima ankayembekeza kuti amukumbatira, kapena amukalipira pang'ono kenako n'kumwetulira mobisa.

"Khala pansi," anatero a Joan.

Anakhala.

"Vidiyo ndaiona. Anthu anditumizira ambiri. Ena akuti pepani. Ena akuti mwana wanu ndi wolimba mtima. Ena sakundiuza ine, akuuzana okha pa gulupu, kuti mwana sanganene zotere payekha, wachita kutumidwa ndi amake."

"Koma Amayi, inu simunanditume! Ndiwauza!"

"Uwauza angati? Ufika nawo ku Zomba? Agogo ako andiimbira kale, akulira."

Chiyamiko anayamba kufotokoza mofulumira. Ananena kuti anachita zimenezi chifukwa cha iwo. Ananena kuti sakanatha kuimirira pagulu n'kutcha mkazi wina wokhulupirika pamene wokhulupirika weniweni ali yekha kunyumba. A Joan anamulola kuti amalize.

"Watha? Tsopano undimvere, ndipo usandidule.

"Ine Chingerezi changa si chofika pa chako, koma chimene wachita ndachimva. Unali ndi mawu awiri m'manja. Wawagawa. Limodzi wandipatsa ine, lina wampatsa Chrissie. Ine wandipatsa kukhulupirika. Kukongola wapereka kwa iye. Kapena sunaone kuti ukagawa chotero, wina aliyense amatsala wopanda chinacho?"

Chiyamiko anatsegula maso. "Ayi, Amayi, sindimatanthauza kuti inu..."

"Ndati usandidule. Atate ako pochoka m'nyumba muno sananenepo pagulu kuti Joan watha, Joan wakalamba. Ngati ankaganiza choncho, anasunga mumtima. Wanena ndiwe, mwana wanga wobala ndekha, pa maikolofoni, anthu akujambula.

"Chachiwiri, wanditcha mkazi wa atate ako. Ine sindine mkazi wa Lucious. Ndinasayina ndi dzanja langa ili, palibe anandigwira. Wandisandutsa mayi wokhala pawindo, wodikira mwamuna amene akudula keke ndi wina. Ukudziwa kuti zanditengera nthawi yaitali bwanji kuti ndizilowa m'tchalitchi anthu osandiyang'ana ndi maso a chisoni? Chaka chino chomwe ndi pamene anayamba kundipatsa moni ngati munthu, osati ngati wofedwa. Lero wandibwezera pomwe ndinayambira.

"Ukandiona nditagona pampando ndi yunifolomu umaganiza kuti ndikulira atate ako. Ndimakhala nditatopa, Chiyamiko. Ndimakhala nditaimirira tsiku lonse ndi odwala. Unandifunsapo? Unangondiyang'ana n'kulemba nkhani yako m'mutu.

"Ndinakutumiza kusukulu kuti mawu akutsegulire zitseko. Ndinkanyadira ukamabwera ndi malikisi apamwamba. Sindinadziwe kuti ukunola mpeni. Ndipo mpeni wakowo wacheka mtsikana pa tsiku la ukwati wake, wacheka mayi wokalamba amene wawoloka nyanja kudzasangalala, wacheka ine. Amene unkamufuna uja ndiye wangokandika pang'ono."

Chiyamiko anali akulira tsopano. Anadzuka kuti awagwire amayi ake paphewa, koma iwo anabweza mpando m'mbuyo.

"Lero ayi. Kavule diresilo. Ulipinde bwino, si iwe unagula."

7. Lamulungu

M'mawa mwake a Joan sanapite ku tchalitchi. Kanali koyamba kujomba popanda chifukwa cha ntchito. Anakhala m'chipinda mwawo chitseko chili chotseka, ndipo Chiyamiko ankamva mawu awo apansipansi akuyankhula pa foni kwa nthawi yaitali.

Foni ya Chiyamiko inali yodzaza mauthenga. Atsikana ena a ku Indianapolis anamulembera kuti ndi shasha. Mnyamata wina anali atadula vidiyo ija n'kuikamo nyimbo yoseketsa, ndipo anthu ankaisheya. Chiyamiko anamupempha kuti aichotse. Iye anayankha kuti yapita kale kutali.

Anayesa kuimbira atate ake. Foni inalira mpaka kuduka. Anayesa azakhali ake. Anayankha ndi uthenga waufupi: "Ndili kutchalitchi."

Masana a Joan anatuluka m'chipinda atasamba, atavala diresi la buluu limene ankalisungira masiku apadera. Anasesa pabalaza, anatereka madzi, anaika makapu atatu pa tebulo.

"Kukubwera alendo, Amayi?"

A Joan anapitiriza kukonza pa tebulo.

Patapita kanthawi galimoto inaima panja. Chiyamiko anasuzumira pawindo. Inali galimoto yofiira ya atate ake imene ankaidziwa bwino, ndipo kumbuyo kwake kunali kudakali timaliboni toyera ta dzulo. Anayang'ana ku mpando wa dalaivala, akuganiza kuti aona atate ake.

Munatuluka a Chrissie, ali okha. Anali atamanga chitenje ndi duku, maso atatupa. Anaima pang'ono pa geti, n'kuyamba kuyenda kulunjika kukhomo.

Chiyamiko anabwerera m'mbuyo. "Amayi, ndi Anti Chrissie! Ndikabisale kuchipinda. Muwauze kuti ndachoka."

"Subisala," anatero a Joan, akuthira madzi m'thipoti. "Ndawaitana ndine."

"Inu? Mumayankhulana?"

"Pali zina za kutha kwa ukwati wanga zimene ine ndi Chrissie tikudziwa, zimene atate ako anatipempha kuti tisakuuze mpaka utakula. Dzulo unadzionetsa kuti wakula. Katsegule chitseko, ubwere udzakhale apa."

Belu la pakhomo linalira. Chiyamiko anayang'ana amayi ake, koma iwo anali atakhala kale pansi, manja ali pamiyendo. Belu linaliranso.

Anapita kukatsegula.